Malovu a Desanka

Kwathu ku Leskovac, m'dziko la Serbia, zinthu zimene zimapha anthu zilipo ziwiri, ndipo Desanka ankazidziwa zonse. Choyamba ndi promaja, mphepo ija imalowera pawindo n'kukatulukira pakhomo. Imeneyo ikakupeza uli pakati, khosi limauma, dzino limayamba kuwawa, pakamwa pamapotoka, kenako anthu amabwera ndi nkhata za maluwa. Chachiwiri ndi maso a anthu. Zina zonsezi, kaya fodya, kaya mafuta a nkhumba, kaya kachasu wa mapulamu amene malemu mwamuna wake Borivoje anamwa mpaka tsiku lomaliza, ndi zongopeka madokotala kuti nawonso apezepo pogwira.

Ndiye mwana wake Tijana atayimba foni kuchokera ku Blantyre kunena kuti wachira, ndipo ndi mwana wamwamuna, Desanka sanafunse kuti mwanayo akulemera bwanji. Anafunsa ngati mawindo ali otseka.

Tijana anakwatiwa ndi Lonjezo, mnyamata wa ku Malawi amene anaphunzira udokotala mumzinda wa Niš, kufupi ndi kwathu, zaka zisanu ndi ziwiri. Desanka analibe naye mlandu mkamwiniyu. Ankadya chilichonse chimene wamuikira, ankalankhula Chisebiya ngati wobadwira kuseri kwa msika, ndipo akamalowa m'nyumba ankavula nsapato osauzidwa. Cholakwa chake chinali chimodzi: kwawo kunali kutali, ndipo anatenga Tijana n'kupita naye komweko.

Unali mwezi wa Okutobala, utsi wowotcha tsabola utangotha kumene m'makomo. Desanka analongedza mabotolo asanu ndi limodzi a ajvar, tsabola wathu wofiira uja wowotcha ndi kupera, komanso tizipewa ndi timasokosi toluka yekha. Sutikesi inakana kutseka, ndiye anaitana mnansi wake Olgica kuti adzakhalepo.

"Ukaipatse moni mikango," anatero Olgica ali pamwamba pa sutikesi.

"Ine ndikupita kukanyamula mdzukulu. Mikango ili ndi abale ake."

"Masiku angati?"

"Makumi awiri ndi limodzi."

"Uziyimba m'mawa uliwonse, wamva? Ine kunja kwanga ndi ku Skopje basi, nakonso kunali kukagula makatani."

Lonjezo anakamulandira kubwalo la ndege. Kunja kunkatentha ngati m'chitofu, komabe Desanka anakweza galasi la mbali yake, n'kuuza mkamwini kuti akwezenso lake. Anafika ku Chitawira onse awiri ali nyowe ndi thukuta. Asanatsike n'komwe, Desanka anawerenga mawindo a nyumbayo. Analipo khumi ndi limodzi, onse otsegula. Khomo lakumaso linali pululu, ndipo ukaima pamenepo unkaona mpaka mtengo wa papaya kuseri, chifukwa lakumbuyo nalonso linali pululu.

M'nyumbamo munali anthu. Amayi khumi ndi anayi a mvano, ovala zoyera, anali atabwera kudzaona mwana. Anawabweretsa ndi amayi ake a Lonjezo, a Nachisale, mphunzitsi wopuma, wamtali ndi wowongoka, amene anabwera kudzathandiza Tijana kusamala khanda. Mwanayo anali atamupatsa dzina loti Luka, chifukwa ndi lokhalo limene agogo onse awiri akanatha kulitchula.

Munthu wochokera paulendo sagwira khanda asanasambe m'manja ndi kusintha zovala, izi aliyense amadziwa. Choncho Desanka anapsompsona Tijana, n'kuima chapakhomo, manja ali kumbuyo. Luka ankayenda m'manja mwa amayi aja mmodzimmodzi. Aliyense akamulandira ankamuyang'anitsitsa, n'kunena mawu mokweza, anzake n'kuvomereza.

"Akuti chiyani?" Desanka anafunsa mkamwini.

"Akuti ndi wokongola, amayi," anatero Lonjezo monyadira. "Awo akuti ali ndi maso okongola. Awa akuti wanenepa bwino, sanaonepo khanda lathanzi chonchi."

Desanka anawawerenga. Anthu khumi ndi anayi, maso makumi awiri ndi asanu ndi atatu, onse pa mwana wa masiku khumi ndi awiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anachitapo kanthu. Kwathu ngakhale chidakwa chimadziwa kuti khanda silitamandidwa. Ukalitamanda waliika poyera, zoipa zimamva n'kubwera kudzaona. Umalinyoza, n'kuchita ngati ukulavula, kuti zoipazo zidutse poganiza kuti palibe chotenga.

Desanka anadutsa pakati pa miyendo ya amayi aja, nawerama pa mdzukulu wake.

"Pu, pu, pu! Chonyansa iwe. Nkhuku zikunyere."

Mayi amene ananyamula mwanayo anatsegula pakamwa, osatsekanso.

"Ndi mwambo wa kwawo, amayi," Lonjezo anafulumira kuuza a Nachisale. "Akumudalitsa."

"Anena kuti chiyani?"

"Akuti... akule bwino."

Tijana anali atakhala pamphasa, wotopa, tulo ta masiku khumi ndi awiri tili m'maso. Chichewa anali atachiphunzira zaka zitatu, ndipo anasankha tsiku limeneli kuti achionetse.

"Akuti ndi wonyansa," anatero. "Akuti nkhuku zimunyere."

A Nachisale anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga mwana, anamupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje ngakhale kuti dontho la malovu silinamugwere, n'kumubereka kumbuyo. Kenako amayi aja anagwada n'kupemphera pemphero lalitali kwambiri. Desanka anawerama nawo mwaulemu. Atafunsa kuti akupempherera chiyani, Lonjezo anati akuthokoza kuti wayenda bwino.

Kwathu munthu akakukwiyira umadziwa. Mbale zimasweka, makolo ako amatchulidwa mpaka agogo a agogo, mawa lake mumamwera limodzi khofi. Ku Blantyre si choncho. M'mawa uliwonse a Nachisale ankamulonjera Desanka ndi manja awiri, atapinda bondo. Ankamupatsa tiyi wa shuga wambiri, mpando wabwino, ndi nthuli yaikulu ya nkhuku. Koma Desanka akangotambasula manja kuti alandire Luka, mwanayo ankapezeka kuti akufuna kuyamwa, kapena kusamba, kapena wangogona kumene kumsana.

"Pumulani, asewere," ankatero a Nachisale kudzera mwa Lonjezo. "Mwayenda ulendo wautali."

Tsiku lachisanu ndi chinayi Desanka anali akupumabe ulendo womwewo.

Lonjezo anayesa kufotokoza, tisamunamizire. Anawauza amayi ake kuti ku Serbia aliyense amatero, ngakhale anamwino kuchipatala.

"Ndiye zaka zisanu ndi ziwiri zija mumakaphunzira zimenezi?" anafunsa a Nachisale, nkhani n'kuthera pomwepo.

Poti m'nyumba munalibe chochita, Desanka anayamba kuyenda. Ankavala chipewa, kumanga kansalu m'khosi, n'kutuluka. M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa mtengo wa papaya n'kuyimbira Olgica.

"Mikango?" ankayamba choncho Olgica.

"Kulibe. Kuli maminibasi."

"Nanga anthu amatani?"

"Amasesa. Kukangocha, mzinda wonse ukusesa dothi pamwamba pa dothi, n'kusiyapo mizere ngati apesa. Pabwalo pamayera kuposa khitchini yako."

"Khitchini yanga uisiye."

"Ndiye moni. Munthu akalowa m'nyumba n'kupeza anthu asanu ndi awiri, amapereka moni kasanu n'kawiri. Aliyense amamufunsa payekha mmene wadzukira, chonsecho yankho wamva kale. Dzulo kunabwera mlendo kudzabwereka mpando, pomwe amamaliza moni n'kuti ine nditamwa khofi wachiwiri."

"Nanga mdzukulu? Akulemera?"

"Akulemera," anatero Desanka, amene sankadziwa.

Tsiku lina anauza Olgica za maliro a ku Blantyre. Anati munthu akamwalira amayala masamba pamsewu, ndipo galimoto iliyonse imayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika n'kuikankha, wachipewa amavula, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Zimenezi zinamukhudza Desanka, ndipo ananena.

"Ukukumbuka tsiku la Borivoje? Mnansi uja wa nyumba ya pamwamba pathu ankaboola khoma ndi makina, ife tikutulutsa bokosi."

"Ankapachika mashelefu," anatero Olgica. "Anagwa onse. Mulungu alipo."

Tsiku lina anamuuza kuti mayi wa nyumba yoyandikana anamuimitsa pampanda, akumwetulira, n'kumuuza kuti wanenepa.

"Unamumenya?"

"Mkamwini akuti n'kundiyamikira. Kuno amayamikira chilichonse, Olgica, ndiponso mokweza. Mwana, nsalu, chimanga, nsapato. Saopa kalikonse. Chinthu chimodzi chokha ndiye amachita bwino. Dzuwa likuswa mtengo chonchi, khanda lililonse lavala chipewa choluka ndi masokosi, n'kulikulunganso m'bulangete. Pamenepo pokha ndawavulira chipewa."

"Basi ndi anthu ophunzira," anatero Olgica.

M'nyumba munali nkhondo ya mawindo, yopanda mawu. Desanka akadutsa pabalaza ankatseka. A Nachisale akadutsa ankatsegula. Akakumana pawindo limodzi ankamwetulirana, wina n'kupatsa mnzake njira, ndipo windolo linkakhala mmene walisiyira wodutsa pomaliza. Mabotolo a ajvar anali pashelefu osatsegulidwa. Lonjezo yekha ndiye ankadya, mobisa, ataima kukhitchini.

Tsiku la khumi ndi chitatu Desanka anapeza Tijana akupinda matewera kuchipinda. Luka anali kunja, kumsana kwa a Nachisale.

"Uwauze apongozi akowo andipatse mwana."

"Muwauze nokha, mama."

"Ine ndinamuteteza."

"Munamulavulira pamaso pa amayi a mvano khumi ndi anayi. Kuno wolavulira khanda amamutchula dzina lina, ndipo simungalikonde."

"Iwe ndinkakulavulira tsiku ndi tsiku. Taona, uli moyo."

"Eya, ndili moyo." Tijana anaponya thewera pabedi. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikumva kuti ndine chonyansa. Tsiku loyamba sukulu, chonyansa. Tsiku la ukwati wanga munati chiyani?"

"Ndinati delesi latalika."

"Munati pu, pu, chonyansa."

"Aliyense amadziwa tanthauzo lake."

"Inenso ndikulidziwa, mama, si ine mwana. Amayi a anzanga nawonso ankalavula, koma ana atakula anasiya. Inu simunasiye. Ndinkangofuna kumvako mawu enawo kamodzi kokha."

Desanka anapita pawindo n'kulitseka, chifukwa ndi chokhacho chimene manja ake ankadziwa kuchita. Mawu a mwana wake anamupweteka kwambiri, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Kutatsala masiku anayi kuti abwerere, anakwera minibasi kupita ku Limbe kukagulira Olgica chitenje. Minibasi ankaziopa kuposa ndege. Mawindo ake ena sankatseka, ena kunalibiretu, ndipo anthu ankakhala m'kati mwa promaja akucheza ngati imfa kulibe. Desanka anakhala pakati pa mpando, atakulunga mutu wonse kungotsala mphuno.

Pa Chichiri panakwera mayi wachitsikana. Dzanja lina ananyamula beseni la tomato, lina chikwama, ndipo kumbuyo anabereka khanda. Malo analipo a theka la munthu. Mayiyo anamasula chitenje, anayang'ana uku ndi uku, n'kuika khandalo pamiyendo pa Desanka osafunsa, monga mmene munthu amaikira mkate patebulo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kukangana ndi kondakitala za malo a beseni.

Kanali kamtsikana ka miyezi iwiri kapena kuchepera, kovala chipewa chachikasu. Kanali kofunda, kolemera kumatako, konunkhira mkaka ndi mafuta odzola. Kanayang'ana Desanka ndi maso akuluakulu, kenako kanagwira kansalu ka m'khosi kaja n'kukakamira. Milomo ya Desanka inayamba yokha kukonzekera kulavula. Anailuma.

Anakanyamula kuyambira pa Chichiri mpaka ku Limbe, atakatchinga ndi thupi lake ku mphepo. Palibe amene anamuyang'ana kawiri. Atafika, mayi uja anatenga mwana wake, anati zikomo agogo, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Manja a Desanka anatsala mmene analili, opinda, opanda kanthu. Mayi wosamudziwa n'komwe anamukhulupirira ndi mwana wake, pamene mdzukulu wake weniweni anali asanamugwire ngakhale chala. Analira pomwepo, pampando wa minibasi, chimene sanachite ngakhale pamaliro a Borivoje. Anthu amene ankatsika ankamugwira paphewa mmodzimmodzi n'kunena kuti pepani, osadziwa chimene chachitika. Chitenje cha Olgica sanagule.

Lamlungu masana, a Nachisale atabwera kutchalitchi, anakhala pabalaza akuyendetsa phewa kuti Luka agone. Desanka anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo.

"Mkamwini, bwera ukhale apa."

Lonjezo anabwera.

"Lero umasulira zimene ndikunena, osati zimene ukanakonda kuti ndinene. Ndakhala ndikukuona. Ine ndikanena mawu atatu, iwe umanena makumi awiri, anthu n'kumamwetulira."

"Amayi, ine ndimangofuna..."

"Ndikudziwa chimene umafuna. Masulira."

Lonjezo anakhala pakati pa amayi awiriwo ngati munthu wodikira jakisoni.

"Uwauze kuti Tijana si mwana wanga woyamba. Woyamba anali Zlatko."

Tijana ankadziwa za Zlatko zimene zinalembedwa pamwala wa kumanda basi, dzina ndi chaka chimodzi. M'nyumba mwawo nkhaniyi sinkakambidwa. Tsopano anali ataima m'kanjira kopita kuchipinda, thewera lili m'manja, ndipo Desanka anamuona koma anapitiriza.

"Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndinkagwira ntchito kufakitale ya nsalu, ndipo ndinkadziona wotsogola. Apongozi anga anali munthu wakumudzi, wa zikhulupiriro. Ndinkawaseka. Mwana atakwanitsa masiku makumi anayi, abale anabwera kudzamuona monga timachitira kwathu. Apongozi anawerama kuti amulavulire, ine ndinawaletsa pamaso pa anthu. Ndinati m'nyumba mwanga zachikale ayi."

Anadikira kuti Lonjezo amasulire. Ulendo uno mawu anali ofanana kutalika.

"Alendo anamutamanda. Inenso ndinamukweza m'mwamba ndi manja angawa, ndinati taonani kukongola, kodi munaonapo mwana wokongola chonchi? Kunkatentha tsiku limenelo, ndiye ndinatsegula mawindo onse ndekha. Patapita masiku asanu ndi anayi tinamuika m'manda."

"Amayi," anatero Lonjezo mwa Chisebiya, motsitsa mawu, "matenda a m'chifuwa kwa makanda sabwera chifukwa cha..."

"Lero ndiwe womasulira, udokotala ukachite mawa. Zimene mabuku anu amanena ndikuzidziwa, anandiuza kale madokotala atatu. Koma kumanda kuja apongozi anga anandiyang'ana kamodzi kokha, osanena kanthu, ndipo akundiyang'anabe mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo sindinatamandenso mwana aliyense. Uwauze kuti mdzukulu wawo sindikumuda. Ndikuchita mantha basi."

Lonjezo anamasulira zonse, mpaka mawu omaliza. Phewa la a Nachisale linkayendabe. Kunja kunkadutsa munthu wogulitsa matsache akuitanira malonda.

"Uwauze kuti ine ndinaika awiri," anatero pomaliza. "Wina wa miyezi itatu, wina wa masabata awiri. Iwe Lonjezo ndiwe wachitatu."

"Amayi, ine ndinkadziwa za mmodzi."

"Wauzidwa kuti umasulire."

Lonjezo anamasulira.

"Woyambayo ndinamuyimbira, ndinamutchula mayina onse okoma. Atapita, mtima unaphwanyika. Ndiye wachiwiriyo atabwera ndinati ayi, uyu ndidikire kaye akhwime, ndisamuzolowere. Ndinkamuyamwitsa, kumusambitsa, kumugoneka, osamuuza kanthu. Anapita asanamve liwu labwino ndi limodzi lomwe kuchokera pakamwa pa amayi ake. Ameneyo ndi amene amandisowetsa tulo, osati woyamba uja." A Nachisale anakonza chipewa cha Luka ndi dzanja limodzi, osacheuka. "Ndiye ine mwana ndimamuyamikira tsiku lomwe wabadwa. Akakhala, wakhala. Akapita, apite atamva."

Lonjezo anamasulira mpaka kumapeto.

"Uwauzenso kuti Zlatko wawo uja anamva. Anapita akudziwa kuti amayi ake amamuona wokongola. Palibe chimene analakwa pamenepo."

Desanka anamvetsera mpaka mkamwini anamaliza. Kwa zaka makumi anayi anthu ankamuuza kuti si iye anapha mwana, ndipo sankawamva. Panalibe amene anamuuzapo kuti tsiku limenelo anachita chinthu chabwino.

A Nachisale anaimirira, anamasula mfundo ya chitenje, anazungulitsa Luka kubwera naye kutsogolo, n'kumuika m'manja mwa Desanka. Kenako anakweza chala cha uphunzitsi.

"Koma malovu ayi, asewere."

"Akuti..." anayamba Lonjezo.

"Ndamva," anatero Desanka.

Luka ankalemeradi, sanamunamize Olgica. Anali ndi chipumi cha Borivoje ndi makutu a Lonjezo, ndipo anavala kachipewa kobiriwira kamene Desanka analuka ku Leskovac. A Nachisale anali akumuveka kameneka masiku onsewa. Desanka anamuyang'ana, mawu omuyamikira anafika pakamwa, koma anakana kutuluka. Mwanayu anali ndi masiku makumi atatu okha. Ayi, kwa uyu sakanatha, ndipo sanadzinamize kuti angathe.

Anakweza maso. Tijana anali ataimabe m'kanjira kaja, tsitsi losapesa, bulauzi yothimbirira ndi mkaka, maso ofiira. Masiku makumi anayi oyamba, amene kwathu timati ndi oopsa kwa khanda, anawadutsa kalekale, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo.

"Tijana."

"Mama."

"Ndiwe wokongola."

Ananena ndi mawu omwe amawerengera nthawi yonyamuka mabasi, koma ananena.

"Unali wokongola kuyambira tsiku loyamba. Anamwino ankachoka m'zipinda zina kudzakuona, ine n'kumawathamangitsa. Delesi lija silinatalike. Linakukhala bwino."

"Mama, kodi mwadwala?" anafunsa Tijana. Kenako anatsamira khoma, anatsetsereka mpaka pansi, n'kuphimba nkhope ndi thewera lija, akulira ngati mwana wa sukulu.

Desanka anakhala duu, kudikira kuti chinachake chichitike. Anamvetsera. Wogulitsa matsache uja anali atafika kumapeto kwa msewu, akuitanirabe. Kwa anansi wailesi inkayimba nyimbo za kwaya. Denga silinagwe.

Ndiye anaimva promaja ija. Inkalowera pawindo la kumbuyo kwake, kumukhudza m'khosi, kudutsa pamutu pa Luka, n'kukatulukira pakhomo. Anafuna kudzuka, koma manja onse awiri anali ndi mwana, ndipo atadikira masiku khumi ndi asanu ndi atatu sakanamutula pansi ngakhale nyumba ikanayaka. Anangowerama n'kumutchinga ndi mapewa.

A Nachisale anamuyang'ana, anayang'ananso windo. Kunja dzuwa la Okutobala linkang'amba malata. Anadzuka, anapita pawindopo, analitseka n'kukhoma kachitsulo kake. Kenako anabwerera pampando wawo, anatenga buku la nyimbo, n'kuyamba kudzikupiza nalo.